Tinadikira Kuti Meskel Ithe

Sabata ya Meskel ikafika, pa yunivesite pathu ku Addis Ababa pankatsala agalu, alonda ndi ophunzira ochokera kunja. Ife a ku Gurage tinkayamba kuthawa makalasi tchuthi chisanalengezedwe n'komwe, chifukwa kwathu mwana amene sanabwere pa chikondwerero cha Mtanda ndiye kuti wafa kapena makolo ake anamutemberera. Aphunzitsi ankadziwa, ndipo sabata imeneyo sankavutika n'kuitana mayina. Anzathu a ku Somalia ndi a ku South Sudan ankatsala m'mahositelo, n'kumationera pawindo tikukoka zikwama.

Ruot ndinagona naye chipinda chimodzi zaka zitatu. Anali wa ku South Sudan, wa mtundu wa Anuer, wamtali moti mapazi ake ankagona kunja kwa bedi. Tonse tinkaphunzira udokotala wa ziweto, koma iye ng'ombe ankazidziwa asanatsegule buku. Bambo ake anafera kunkhondo. Mayi ake ndi mchemwali wake Nyawal ankakhala kumsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi Gambella. Zaka ziwiri ndinamusiya yekha m'chipindamo ndi mpunga wozizira wa kukhitchini ya sukulu. Chaka chachitatu manyazi anandigwira.

"Aise, longedza," ndinatero. "Chaka chino ukadya Meskel ya anthu, osati ya alonda."

"Kwanu kuja mumadya nyama yosaphika? Ine si fisi, Tenkir."

"Ukakalawa kitfo ya amayi anga, ukapempha wekha kuti akusandutse fisi."

Anaseka, kenako anayamba kupukuta nsapato. Anati amaganiza zokaona amayi ake, chifukwa chifuwa chinawagwira chiyambire mvula ndipo sichimatha. Ine ndinamuwerengera masiku ndi zala. Awiri kupita, awiri kubwerera, limodzi lokhala pakhomo, ndiye ulendo wanji umenewo? Ndinamuuza kuti adzapite pa tchuthi chachitali cha Januwale. Pakamwa pangapa mpamene panayambira zonse.

Pa depoti panali chipwirikiti cha chaka ndi chaka. Aliyense wa ku Gurage amene amapukuta nsapato, kugulitsa m'golosale kapena kuyendetsa bizinesi mu Addis anali pamenepo ndi bulangete la bambo ake pamutu ndi chigubu cha mafuta m'manja. Tinalowera pawindo, ine ndi Ruot yemwe, miyendo yakeyo ikutsalira kunja. Basi itanyamuka anagwira m'thumba n'kupeza foni palibe. Anatukwana m'zinenero zitatu, kenako anabwereka yanga n'kulembera Nyawal kuti sabata ino azimupeza pa nambala imeneyi. Linali Lolemba.

Kwathu anamulandira ngati mwana wotayika. Amayi anamupsompsona m'mapewa chifukwa ndi pomwe anafikira. Ababa, a Bireda, anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kufunsa ngati kumwambako kukugwa mvula. Koma chimene chinawagula mtima ndi ng'ombe. Ruot asanamwe n'khofi yemwe anapita kukhola kukaona nkhunzi yofiira imene ababa anainenepetsera chikondwerero. Anaitsegula kukamwa, anaisisita pakhosi, n'kunena zaka zake ndi matenda amene inadwalapo ili thole.

"Uyu ndiye dokotala," ababa anatero. "Iwe Tenkir umakatani kusukuluko?"

Lachiwiri m'mawa ine ndi ababa tinasenza mitolo ya nkhuni kupita kutchalitchi, gawo la banja lathu la demera, mulu waukulu uja timayatsa madzulo a Meskel isanache. Ruot anatsala akudula mabulugamu ndi azisuweni anga. Tchalitchi chathu chili pamtunda, ulendo wa mphindi khumi kuchokera kunyumba, ndipo m'mudzi monse ndi pokhapo pamene foni imagwira. Nditangotula mtolo, foni inalira m'thumba. Anali mawu a mtsikana, Chiamhara chake chothyokathyoka, koma ndinamva liwu lililonse.

"Ndinu Tenkir, mnzake wa Ruot? Ndine Nyawal. Muuzeni abwere lero. Amayi ali m'chipatala, sakudya, sakudzuka. Dokotala akuti masiku atsala ochepa. Akumuitana."

"Ali moyo?"

"Ali moyo, n'chifukwa chake ndikuti lero. Lero, mwamva?"

Foni inaduka. Ndinafotokozera ababa monga ndinamvera. Iwo anavula chipewa, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kupempha Mulungu kuti aulandire mzimu wa mayiyo.

"Ababa, akuti ali moyo."

"Nanga umati anene kuti chiyani? Pa foni? Agogo ako atatisiya, ndinawauza chiyani akulu anga a Dendir ku Addis? Ndinati amayi akudwala, akukuitana, nyamuka lero. Pamenepo n'kuti titawasambitsa kale."

Sindinatsutse, chifukwa ine ndemwe zinandichitikira. Ndili ku sekondale ku Welkite anandiimbira kuti mkulu wanga wadwala ndipo akundifuna. Ndinamugulira malalanje pamsewu. Ndinafika ndi jumbo ya malalanje n'kupeza tenti ya maliro pabwalo. Kwathu imfa siinenedwa pa foni, siinenedwa dzuwa litapendeka, siinenedwa kwa munthu amene ali yekha. Akuluakulu amabwera m'bandakucha, n'kukhala nawe pansi, n'kukugwira manja, kenako n'kukuuza. Timati merdo, ndipo timanyadira kuti ife sitiponyera munthu maliro ngati mwala.

"Ndi mlendo wathu," ababa anatero tikutsika. "Ngati amayi ake apita, apita, liwiro lake silingawadzutse. Ukamuuza lero akalira yekha m'basi masiku awiri pakati pa anthu oledzera. Ayambe wadya, aone moto, apeze mphamvu. Meskel ikatha timuuza bwinobwino ngati mwana wathu, ndipo ndikamukweza basi ndekha. Foniyo uizimitse."

Ndinaizimitsa. Pamsewu wa kutchalitchi panali minibasi imene inali itangotsitsa anthu a ku Addis, ndipo kondakitala amakuwa kuti Welkite, Welkite, mipando yonse ili mbee. Sabata imeneyo magalimoto amabwera odzaza n'kubwerera opanda kanthu. Ku Welkite munthu amakwera basi ya ku Jimma, n'kugona kumeneko, mawa lake madzulo ali ku Gambella. Njira imeneyo ndinkaidziwa bwino.

Amayi tinawapeza kuseri kwa nyumba akudula ndiwo zamasamba. Ababa anawanong'oneza. Amayi anaika mpeni pansi n'kupukuta manja pa diresi.

"Koma bambo a Tenkir, anthu akwawo amabisa maliro ngati ife?"

"Pali mtundu wa anthu umene ungamuuze mwana pa foni kuti mayi ako afa? Amenewo ndi anthu?"

"Ine sindikudziwa. Ndimangofunsa."

"Maliro ndi maliro kulikonse, Kerwari. Dula ndiwozo."

Amayi anatola mpeni. Koma kuyambira madzulo amenewo mbale ya Ruot inkadzaza kawiri, ndipo akamadutsa ankamugwira pamutu.

Chinsinsi cha m'mudzi mwathu chimatanthauza kuti aliyense akudziwa kupatula mwini wake. Pofika Lachitatu m'mawa nkhani inali itazungulira makomo onse. Amayi okalamba ankamuyang'ana Ruot n'kumayamwa milomo mwachisoni. Wina anamubweretsera batala pa tsamba, wina mazira. Mkulu wina amene sapatsa munthu ngakhale moni anamuvulira chipewa.

"Aise, anthu akwanu ndi achikondi," Ruot anandiuza. "Ku Addis ana amandithawa, kuno nkhalamba zikundilimbirana. Ndikwatira konkuno ine."

"Kwatira," ndinatero, ndikuyang'ana kumbali.

Lachitatu ndi tsiku lopha ng'ombe. Ababa anaitulutsa pabwalo, ndipo monga mwa nthawi zonse anayamba kuisisita kuyambira pa linunda mpaka kumchira, akudalitsa nyumba, ana, minda ndi amene ali kutali. Kenako ana tonse tinaisisita motsatana ndi kubadwa kwathu. Malo a malemu mkulu wanga ankakhala opanda munthu chaka chilichonse, koma tsiku limenelo ababa anamugwira Ruot padzanja n'kumuimika pamenepo. Iye anaika chikhato chake pamsana pa nkhunziyo n'kuyamba kuiimbira chapansipansi m'chinenero chake, ndipo ng'ombe inasiya kukoka chingwe.

"Gashe," anatero kwa ababa atamaliza, powaitana mwaulemu wa Chiamhara, "kwathu ng'ombe siifa chifukwa anthu ali ndi nkhuli. Imafera ukwati, kapena munthu amene akudwala, kapena amene wafa. Yanuyi ikufera ndani?"

Azisuweni anga anayang'ana pansi.

"Ikufera Mtanda, mwana wanga," ababa anayankha, n'kuitanitsa mpeni.

Masana tikusenda nyama, anandigunda ndi chigongono.

"Tandibwereke foni ija. Ndikwere pamtunda ndiwauze amayi kuti mkuja mwana wawo adya nyama yaiwisi. Aseka mpaka chifuwa chithe."

"Batire latha, aise."

"Nde sititchaja pagolosale paja?"

"Sola yawo inafa."

"Dziko lanji ili, ng'ombe zonenepa koma magetsi zero," anatero, n'kupitiriza kusenda. Anandikhulupirira popanda kundiyang'ana n'komwe, chifukwa pa zaka zitatu ndinali ndisanamunamizepo.

Ndinkadziuza kuti ndikumuchitira chifundo. Ndinkakumbukira malalanje aja, n'kumati ine anandibisira ndipo ndinawathokoza pambuyo pake. Mawu a akulu akoma akagonera. Koma mawu a mtsikana uja sankachoka m'khutu. Ife tikamanama pa foni timalankhula mofatsa, timati usadandaule, yenda bwino, si zoopsa kwenikweni. Nyawal sanafatse. Anati lero katatu.

Lachinayi masana, anthu akuvala zoyera kukonzekera moto, ndinazemba n'kukwera pamtunda ndekha. Ndinabisala kuseri kwa mpanda wa tchalitchi n'kuyatsa foni. Inanjenjemera m'manja mwanga kwa nthawi yaitali. Nyawal anali ataimba kakhumi ndi kanayi. Panali mauthenga olemba, onse ofunsa kuti wanyamuka kodi, ali pati, bwanji sakuyankha. Pamapeto panali uthenga wa mawu umene unatumizidwa m'mawa womwewo. Ndinauika kukhutu.

Anali mayi wachikulire. Ankapuma movutika, liwu lililonse likutuluka ndi kaphokoso ka m'chifuwa. Chinuer sindimva, koma dzina ndinalimva. Anati Ruot, n'kupuma, n'kulankhula pang'ono, n'kutinso Ruot. Kumbuyo kwake kunkamveka mwana akulira ndi chitsulo chikugunda pa bedi.

Ndinathamangira ababa, amene anali ataima ndi akuluakulu pafupi ndi demera, atafunda nsalu yawo yoyera ya chikondwerero. Ndinawakokera pambali n'kuwaika foni kukhutu. Anamvetsera kawiri. Ndinaona nkhope yawo ikugwa.

"Mwina anajambula kale," anatero.

"Ndi wa lero m'mawa, ababa. Ali moyo. Mtsikana uja sananame."

Anayang'ana dzuwa. Anayang'ana ansembe amene ankatuluka m'tchalitchi ndi maambulera awo, ndi anthu a midzi itatu amene anali atadzaza pabwalo.

"Dzuwa lapendeka, Tenkir. Nkhani yotere siinenedwa madzulo, ukudziwa wekha. Ukamuuza pano akagona pamsewu ku Welkite, ndipo mawa ndi Meskel, palibe dalaivala amene agwire chiwongolero. Afika kuti?"

"Angolankhula nawo pa foni basi."

"Pamaso pa anthu onsewa? Agwe pansi moto usanayake? Mulungu amene wawasunga mpaka lero awasunga mpaka Loweruka."

Ababa ndingawaimbe mlandu, ndipo ndinawaimba zaka zingapo. Koma foni inali m'manja mwanga, osati mwawo. Ruot anali pomwepo, mapazi makumi awiri kuchokera pamene ndinaima, atakwera pa mpando, akumangirira mtanda wa maluwa achikasu pansonga pa demera chifukwa panalibe wina wofikira. Ana ankamuombera m'manja. Sindinaope ababa, sindinaope mwambo. Ndinaopa nkhope yake pomuuza kuti ndakhala ndikudziwa kuyambira Lachiwiri, ndiponso kuti batire silinathe. Ndinazimitsa foni n'kuibwezera m'thumba. Umenewo ndi mantha a munthu wamba, ndipo alibe dzina lina labwino.

Moto unayaka dzuwa likulowa. Tinauzungulira ndi miuni, tikuimba, ng'oma zikulira. Ruot anavina kudumpha kwa kwawo, molunjika m'mwamba, anthu n'kumakuwa. Mtengo wapakati utapsa m'munsi unapendekeka pang'onopang'ono n'kugwera kumadzulo. Nkhalamba zinayamba mkangano wa chaka chilichonse, ena akuti ndi zokolola, ena akuti ndi chilala. Ruot anandikumbatira pakhosi, thukuta lili chuchuchu.

"Wagwera kwathu, aise! Kumadzulo ndi ku Gambella. Madalitso onse a chaka chino apita kwa amayi anga, inu mutsala ndi utsi."

Lachisanu linali Meskel yeniyeniyo. M'mawa tinadzilemba mitanda pamphumi ndi phulusa la moto uja, ndipo Ruot anamulemba ndi amayi. Masana anabweretsa kitfo pa masamba, yofiira, yonyezimira ndi batala ndi tsabola, pambali pake kocho wotentha, mkate wa kwathu. Abale onse anakhala mozungulira kuti aone mlendo akulawa. Amayi anakulunga nyama mu kocho n'kumudyetsa ndi dzanja lawo. Anatseka maso, anatafuna, anameza.

"Amayi, ndisandutseni fisi," anatero.

Nyumba yonse inaseka kupatula amayi, amene anatuluka n'kunena kuti utsi wawalowa m'maso. Ine ndinatafuna nthongo imodzi mpaka inasanduka ulusi mkamwa. Inali nthawi ya nkhomaliro, dzuwa lili pamutu. Nthawi imeneyo ndimaikumbukira bwino.

Loweruka kusanayere kwenikweni, akuluakulu anafika. Anali asanu, atafunda mabulangete oyera mpaka kumakutu, patsogolo pali a Dendir, akulu awo a ababa. Ababa anali atawauza za uthenga wa mawu uja, koma a Dendir anati zaka makumi asanu ndi awiri sanaonepo munthu akuitanidwa chotere wodwala akadali moyo, ndipo merdo ichitike monga mwa dongosolo lake. Amayi a m'mudzi anakhala panja, okonzeka kulira. Ine anandituma kukamudzutsa.

Anatuluka akutikita m'maso, phulusa lija likadali pamphumi. Anamukhazika pakati. Awiri anakhala m'mbali mwake kuti amugwire manja. A Dendir anayamba kutali monga amachitira, kuti munthu ndi dothi, kuti tonse ndife alendo pansi pano, kuti ngakhale mtengo waukulu umagwa. Ruot ankagwedeza mutu mwaulemu. Kenako anayang'ana ababa, amayi, ine, ngati akuwerenga ngati tilipo tonse.

"Pepani, Gashe, wamwalira ndani?"

"Limba mtima, mwana wanga. Amayi ako apuma."

Panja amayi aja anayamba kulira. Ruot sanagwe, sanakuwe. Anachotsa manja ake m'manja mwa akuluakulu aja mwakachetechete.

"Wakuuzani ndani?"

Maso onse anabwera kwa ine.

"Nyawal anaimba," ndinatero.

"Liti?"

"Lachiwiri."

"Lachiwiri." Analibwereza ngati liwu lachilendo. "Anati chiyani? Mawu ake enieni, Tenkir."

"Anati akudwala kwambiri. Akukuitana. Ubwere tsiku lomwelo."

"Nde wanena kuti amwalira ndani?"

A Dendir anakonza kukhosi. "Mwana wanga, munthu akakuimbira kuti wodwala akukuitana, aliyense amadziwa kuti..."

"Kwathu munthu akafa timati wafa," Ruot anatero. Sanakweze mawu. "Akadwala timati wadwala. Auzeni amayi ali panjawo asiye phokoso. Tenkir, foni."

"Aise..."

"Batire lilimo, eti?"

Ndinamupatsa. Anavala nsapato osamanga zingwe n'kutuluka. Kulira kuja kunazima kamodzin'kamodzi pamene ankadutsa pakati pa amayiwo. Anakwera mtunda ndi miyendo yake yaitali ija, ine ndikuthamanga pambuyo, ababa akubwera kutali ndi ndodo. Ndivomere, pa mphindi khumi zimenezo mtima wanga unali ndi chiyembekezo. Ndinapemphera kuti ayankhe mayi uja, atitukwane tonse, Ruot akwere minibasi, ndipo chaka chamawa tidzaiseke nkhaniyi.

Anaima pafupi ndi phulusa la demera, limene linali likufukabe utsi pang'ono. Nyawal anayankha foni itangolira kamodzi. Ndinamva mawu ake ali patali, okwera, othamanga, kenako osweka. Ruot anafunsa mafunso awiri kapena atatu, aafupi. Kenako anatsitsa foni n'kuyang'ana kumadzulo.

"Dzulo masana," anatero. "Awaika dzulo lomwelo."

Ababa anali atafika, akupuma wefuwefu.

"Ndikananyamuka Lachiwiri, Lachitatu madzulo ndikanakhala ndili pa bedi lawo." Ankawerenga ndi zala, monga ndinamuwerengera ine ku Addis. "Lachinayi lonse. Lachisanu m'mawa. Nyawal akuti anapempha kuti awatembenuzire kukhomo, ndipo aliyense wamtali akalowa ankadzutsa mutu."

Anayang'ananso pa foni n'kuona uthenga wa mawu uja. Anauika kukhutu. Anaumvetsera mpaka kumapeto, n'kuuyambiranso. Kenako anayang'anitsitsa pagalasi la foni, pamene pamaonetsa ngati uthenga unatsegulidwa kale.

"Unaumva uwu."

"Eya."

"Liti?"

"Dzana masana."

"Ine ndili kuti?"

"Apo," ndinaloza. "Umamanga maluwa."

Anayang'ana pamalopo, kenako ine. Ndinkafuna andimenye. Ali ndi manja oti akanandithyola nsagwada, ndipo ndikanamuthokoza.

"Ukudziwa zimene akunena?" anafunsa. "Ndikumasulire, poti unaumva ine ndisanaumve. Akuti, Ruot, ndamva kuti uli kwa anzako ndipo akukusunga bwino, uwathokoze. Akuti usathamange panjira, magalimoto a nyengo ya chikondwerero ndi oipa. Akuti ubwere bwinobwino, ndikudikira."

Anapukuta foniyo pa malaya ake n'kundibwezera ndi manja awiri.

Amayi anatulukira pa njira ya kumudzi atanyamula chikwama chake. Zovala zinali zochapa, zopinda, ndipo pamwamba panali kocho wokulunga m'masamba amene anali atafota kale. Ndinamva pambuyo pake kuti analongedza chikwamacho Lachiwiri madzulo n'kuchiika kuseri kwa chitseko, kudikira kuti mwamuna mmodzi m'nyumbamo atsegule pakamwa. Ruot anachilandira n'kuwerama kuti amayi amupsompsone paphewa. Pamsewu minibasi yoyamba ya tsikulo inali itayamba kuitanira anthu obwerera ku Addis.

Pamenepo ababa anachita chimene sindinawaonepo akuchita kwa munthu aliyense, ngakhale kwa wansembe. Anaponya ndodo pansi, anatola mwala waukulu wa pa mpanda wa tchalitchi, anauika kumbuyo kwa khosi lawo, n'kuwerama pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo.

"Ndakulakwira, mwana wanga," anatero, nkhope ili pansi. "Ndimayesa ndikukusunga."

Ruot anandiyang'ana, osamvetsa.

"Akupepesa," ndinatero. "Kwathu ukawachotsa mwalawo ndiye kuti wakhululuka. Sangadzuke mpaka uwachotse."

Anawayang'ana nthawi yaitali. Dzanja lake linasuntha pang'ono, ndipo ndikhulupirira mpaka lero kuti linkapita ku mwalawo. Koma linakwera pamphumi pake n'kufufuta mtanda wa phulusa uja.

"Miyambo yanu ndaiona yokwanira, Gashe," anatero mofatsa.

Anakoleka chikwama paphewa n'kutsikira kumsewu. Kondakitala anamutsegulira kutsogolo chifukwa cha miyendo. Minibasi inadikira anthu ena atatu, kenako inanyamuka n'kukhota pa mabulugamu. Akuluakulu aja anali atafika pamtunda ndipo anaima chapatali ndi mabulangete awo. Ababa anali chiweramire, manja ali pa mwala, thukuta likudontha pa phulusa. Amayi anandiyang'ana kuti ndichitepo kanthu. Koma mwalawo sunali wanga kuti ndiuchotse, ndipo panalibe wina aliyense m'mudzi monse amene akanauchotsa.